Sukulu za mishoni zikukhoza bwino, nanga ana athu akuchigwa kuno ali pati?

Bambo a Yamikani, Nchalo:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ine ndili ndi funso landivuta chitulukireni zotsatira za MSCE. Chaka ndi chaka ukamva mndandanda wa sukulu zomwe zachita bwino mayina ake amakhala omweomwewo, Marist, Zomba Catholic, St Mary's, Ludzi Girls, Likuni, pano kwabweranso Loyola ya ku Kasungu ija, zonsezi za Akatolika. Nde ndimafuna ndidziwe, aphunzitsi ake si amalipidwa ndi boma lomweli? silabasi si imodzi? mayeso si a MANEB omwewa? Nanga chimasiyanitsa nchani kuti mwana wakumeneko abwere ndi mapointsi 9 pomwe wathu wa pa CDSS akapeza 30 ndekuti pakhomo paphedwa mbuzi. Odziwa tatiuzeni chonde

Wa ku Joni:
Ndi mwambo basi achimwene palibenso china. Kwa ansembe ndi asisiteri kulibe zoti mphunzitsi wabwera 9 koloko kapena mwana ali ndi foni mkalasi, ukalakwa umapakira chikwama tsiku lomwelo

Madamu a ku East Bank:
Pepani ndilowepo poti nkhaniyi ikundikhudza, ine ndimaphunzitsa pa CDSS. Mwambo ulipo inde sindikukana koma tiyambe kaye ndi selekishoni. Mayeso a Sitandade 8 akatuluka unduna umayamba watapa ana okhoza kwambiri dziko lonse nkuwatumiza ku sukulu za nashonolo, ndipo za mishoni zothandizidwa ndi bomazi zimatapa nawo pamwamba pomwepo. Otsatira amapita ku sekondale zogonera za m'boma, kenako otsalawo ndi amene amabwera kwa ife. Nde mwatenga mwana amene anali nambala wani pa zoni yonse, mwakamuika pamodzi ndi ma nambala wani anzake okhaokha, akudya katatu, usiku magetsi akuyaka akuwerenga, sakutunga madzi sakupita kudimba, zaka 4 zathunthu, mudabwe kuti wakhoza? Ine ndimalandira mwana Fomu 1 amene chiganizo chimodzi cha Chingerezi chikumuvuta, wayenda mtunda wautali pansi kapena pa njinga yobwereka, mmimba mulibe kanthu, ikamakwana 11 koloko kalasi yamalata yatentha ana akungosinza. Wina wabzala kudimba wina kumphala, musafanizire zokolola zawo.

Wa ku Joni:
Madamu ndamva koma musatiuze kuti ndi selekishoni yokha. Nanga sukulu zaboma zomwe zimatenganso ana anzeru bwanji zina sizimaoneka pamndandanda paja?

Madamu a ku East Bank:
Sindinati yokha achimwene, ndati tiyambire pamenepo

Wakale wa Seminale:
Onse awiri mukunena zoona. Ine ndinadutsa ku seminale yaing'ono nde ndifotokozeko mmene tsiku limayendera malo ngati amenewa. Koma poyamba tisiyanitse, maseminale ngati Mzimu Woyera kwathu kuno, Nankhunda ku Zomba, Pius XII ku Nguludi, amenewo ndi a mpingo pawokha, cholinga chake nkukonza anyamata a unsembe. Zomwe akufunsa bambo a Yamikani ndi zina zija mpingo ndiwo mwini malo ndi nyumba koma boma limatumiza aphunzitsi, kuwalipira ndi kuperekako thandizo la ndalama. Koma kayendetsedwe kake nkofanana. Belu limalira kusanache, kusamba, mapemphero, kalasi, masana ntchito zamanja kusesa kutchetcha kuthirira ndiwo, madzulo pulepu, nthawi yowerenga ija, ndipo pulepuyo sikuti mumangosiyidwa ayi, mphunzitsi wa pa dyute amazungulira ndi tochi kuwerenga mitu. Mayeso a mwezi ndi mwezi amakhomedwa pabolodi dzina ndi malikisi aliyense aone. Chachikulu chomwe ine ndinaona nchoti aphunzitsi amakhala pamishoni pomwepo, nyumba zawo zili kuseri kwa makalasi, ukalephera samu madzulo umakagogoda. Komanso mwini sukulu amaoneka ndi maso, abambo mfumu kapena abulazala akudutsa pakhonde tsiku lililonse, mphunzitsi akajomba tsiku silitha asanafunsidwe. Kusukulu yoti mwini wake ali ku Lilongwe amakufunsa ndani?

Madamu a ku East Bank:
Apo pokha ndikugwirizana nanu. Nyumba za aphunzitsi ndi nkhani yaikulu, anzanga ena amachita lendi kutali nde mitsinje ikadzaza safika ndipo simungawanene

Aphunzitsi Opuma, Ngabu:
Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndiloleni ndibwerere mmbuyo pang'ono kuti timvetse chiyambi chake, mundipirire ndilemba zambiri. Sukulu m'dziko muno sanayambitse ndi boma, anayambitsa ndi amishoni. Boma la atsamunda linadzatsegula ofesi yake yamaphunziro mu 1926 amishoni ataphunzitsa kale anthu zaka makumi angapo. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama ku Ntcheu mu 1901 ndipo ndi iwowa anadzatsikira kuno nkutsegula mishoni ku Chikwawa ndi ku Nsanje, nthawi imeneyo Nsanje ikutchedwa Port Herald. M'midzi wophunzitsa anali katekisiti yemweyo, mmawa a e i o u madzulo katekisimu, kachisi yemweyo ndiye kalasi. Sekondale yoyamba inali Blantyre Secondary mu 1940, yachiwiri Zomba Catholic mu 1942, muone kutalika kwa mizu yake. Sukulu yoti yakhala zaka zoposa 80 ili ndi laibulale, labu, ana ake akale ali m'maofesi akuluakulu amabwera kudzapenta ndi kugula mabuku. CDSS ndi za dzana dzanali, zinachokera ku ma MCDE, malo ophunzirira maphunziro a pakalata aja, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo zambiri zinayamba ndi buloko imodzi yomanga makolo. Tsono chomwe chimandiwawa ine ndi ichi. Dayosizi yathu ya Chikwawa inakhazikitsidwa mu 1965, mpingo wagwira ntchito yaikulu kuno, onani chipatala cha Montfort pa Nchalo, Trinity ku Muona ndi sukulu yake ya anamwino, Kalemba ku Bangula. Koma sukulu zotchuka mwatchulazo zonse zili kumtunda, Zomba, Dedza, Mchinji, Lilongwe, Kasungu, kuonjezapo Providence ku Mulanje ndi Stella Maris ku Blantyre. Chomwe mpingo uli nacho chambiri kuno kuchigwa ndi mapulayimale, ndipo mapulayimale amenewo palibe amawatchula pa wailesi. Ine ndaphunzitsapo pa sukulu ya mishoni komanso ya LEA, yaboma ija, kunena zoona pofika zaka zomaliza za ntchito yanga kusiyana kwake kunali chikwangwani cha pamsewu ndi pemphero la pa asembule basi.

Bambo a Yamikani, Nchalo:
Takhuta aphunzitsi. Koma chinasintha nchani poti makolo athu amati kale sukulu ya mishoni olo ya pulayimale inali ina?

Aphunzitsi Opuma, Ngabu:
1994 mwana wanga. A Bakili Muluzi atalengeza pulayimale yaulere ana analowa mwaunyinji, dziko lonse kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, musandimve molakwa, ana a anthu osauka ambiri kuno anaona mkati mwa kalasi chifukwa cha chimenecho. Koma makalasi sanachuluke, aphunzitsi analembedwa mwachangu ambiri asanapite kukoleji, ife tinapezeka tikuphunzitsa pansi pa mtengo ana osawerengeka bolodi titatsamiritsa pa thunthu. Ndiye mtima wa anthu unasinthanso. Kale mfumu ndi akatekisiti akaitana kuumba njerwa mudzi wonse umabwera poti sukulu ndi yathu, itangokhala yaulere anthu anayamba kuti ndi yaboma boma limange. Ansembe nawo anabwerera mmbuyo pang'ono poti aphunzitsi amawatumiza ndi ofesi ya maphunziro ya m'boma, salale ikuchokera kuboma, woyendera ndi a PEA, alangizi a maphunziro a pa zoni, iwo anatsala ndi dzina loti eni sukulu ndi mawu pang'ono pa nkhani ya ahedi. Kusekondale zogonera sanataye chiwongolero chifukwa kumeneko kuli fizi, kuli bodi yoyendetsa, ndipo ana ndi ochepa.

Mayi a Tadala, Bangula:
Aphunzitsi mwafika pa fizi pomwe ine ndimadikira. Ine ndine mkatolika wa mphakati ndithu, mtulo ndimapereka, ku bungwe la amayi ndiliko, nde zomwe ndinenezi sindikunyoza mpingo wanga. Mwana wa achemwali anga anasankhidwa kupita ku sukulu ina ya asisiteri kumtunda, mudzi wonse unasangalala poti pa sukulu yawo anali yekhayo. Kalata itabwera tinakhala pansi pakhonde kuwerenga mndandanda, fizi ya temu, yunifolomu ziwiri, nsapato zakuda, juzi poti uko kumazizira mwana wakuno juzi anaionera kuti, bulangete, matilesi, ndowa, sutikesi, khasu, mpaka mapepala a fotokope. Kenako thilansipoti, kuchoka Bangula kudutsa Ngabu, Nchalo, pa Thabwa kukwera mapiri aja kufika Blantyre nkukweranso ina, ndipo mwana wamkazi ulendo woyamba sungamusiye yekha ndekuti anthu awiri kupita mmodzi kubwerera. Alamu anagulitsa mbuzi zonse ndi njinga temu yoyamba inatheka. Temu yachiwiri thonje linali lisanagulidwe, mwana anakhala pakhomo masabata angapo anzake akuphunzira, ine ndimamupeza atakhala pansi pa mtengo wa nimu akuwerenga makope a temu yatha mobwereza. Tinachita kusonkherana pachibale, amayi a mphakati anaponyapo, abambo mfumu analemba kalata yopempha kuti amudikire ndipo asisiteri anamvetsa anamulandira. Koma ndi angati ali ndi azakhali oti athamange chonchi? Ena malo aja amangowataya nkukalowa pa CDSS yapafupi, ndipo malowo sakhala opanda munthu, amalowapo wina amene kwawo ziliko

Wa ku Joni:
Eee izi nde zoona mayi, ifenso kuno timalandira mauthenga a fizi mwezi ndi mwezi

Madamu a ku East Bank:
Ndipo onjezani apa, si ana onse m'sukulu zimenezi amasankhidwa ndi boma. Gawo lalikulu inde ndi la selekishoni koma mpingo umakhala ndi gawo lakenso lomwe umalemba wokha, kawirikawiri pamakhala mayeso olowera. Tsono amakhoza mayeso amenewo ndani? Ndi mwana wa mtauni wochokera ku pulayiveti amene wayankhula Chingerezi kuyambira ku nazale. Wathu wa kwa Mlolo kapena kwa Nyachikadza kunyumba amayankhula Chisena, Sitandade 1 akumana ndi Chichewa, Sitandade 5 zonse zasanduka Chingerezi, olo uthenga woti kuli mayeso olowera saumva nkomwe

Wakale wa Seminale:
Madamu gawo limenelo lilipo pa chifukwa. Thandizo laboma limachedwa komanso silikwana, nde chakudya cha ana, magetsi, madzi, alonda, ophika, zonsezo zimadalira fizi. Sukulu zikanangodikira boma bwenzi zitafanana ndi zinazo. Komanso masisiteri ambiri amasunga ana amasiye mwakachetechete osalengeza, ine ndikudziwa anzanga anaphunzira osalipira olo tambala

Madamu a ku East Bank:
Sindikutsutsa achimwene, chifundo chilipo, koma chifundo chimagwera amene wadziwika ndi abambo mfumu. Ine ndikunena za dongosolo loti mwana wakuchigwa wosadziwika ndi aliyense alipeze

Ankolo a pa Dyeratu:
Salaam abale, ine ndine msilamu ndili ndi kagolosale pano, ndiyankhuleko mbali yanga. Ana anga onse adutsa pa pulayimale ya mishoni chifukwa ndi yomwe ili pafupi, ndipo sindinganame anawalandira bwino palibe anawakakamiza kubatizidwa. Koma funso langa ndi ili, poti aphunzitsi amalipidwa ndi misonkho ya tonse, ine ndemwe ndimadula msonkho, malire ake ali pati pakati pa sukulu ya mpingo ndi sukulu ya dziko? Mukukumbuka mkangano wa hijab unavuta ku Balaka mu 2019 mpaka sukulu kutsekedwa, zinatengera a PAC, bungwe la zipembedzo lija, kukhalitsa pansi atsogoleri a mipingo ndi achisilamu nkusainirana mu 2021 kuti atsikana athu azivala yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu. Kwathu kuno sizinafike poipa choncho koma mwana wanga wamkazi atafika Sitandade 6 ndinapita ndekha kwa ahedi kukapempha, anandiuza kuti dikirani ndikafunse kwa abambo mfumu, patatha sabata anati palibe vuto. Ndinathokoza koma ndinadzifunsa kuti akanakana ndikanapita kuti poti sukulu ina ili kutsidya kwa mtsinje

Mayi a Tadala, Bangula:
Ankolo funso lanu ndi labwino. Koma nafenso timvetseni, malo ndi a mpingo, makalasi anamanga akhristu ndi manja awo, nde tikachotsamo pemphero ndi mtanda chatsala nchani choti tizitchula kuti ya mishoni? Mwambo womwe anthu akuuyamikirawo umachokera pomwepo

Ankolo a pa Dyeratu:
Ayi mayi sindikuti muchotse mtanda, ine pemphero la mmawa silindivuta mwana wanga amangoima mwaulemu. Ndikungoti zinthu zizikhala zolembedwa zodziwika, zisamadalire kuti wansembe amene alipo chaka chino ndi wofatsa

Aphunzitsi Opuma, Ngabu:
Nkhani imeneyi ndi yakale. Cha mu 2000 boma linafuna kuchotsa Bible Knowledge kusekondale kuti kukhale phunziro lophatikiza zipembedzo zonse, mipingo inakana kwamtuwagalu, mapeto ake maphunziro onse awiri anasiyidwa kuti sukulu zizisankha. Ndipo mu 2023 khoti lalikulu linagamula kuti ana achi Rasta asamabwezedwe m'sukulu zaboma chifukwa cha tsitsi. Ndiye mukuona kuti dziko likupita koti sukulu yolandira ndalama yaboma ilandire mwana aliyense. Mipingo ili ndi bungwe lake la ACEM lomwe limakambirana ndi unduna zinthu ngati zimenezi, ankolo akunena zoona kuti zogwirizana kumeneko zizifika kwa makolo kumudzi osati kuthera m'mafayilo.

Anamwino a ku Muona:
Ndinali pa dyute ndangowerenga zonse pano. Ine ndikufuna ndikokere nkhaniyi ku atsikana chifukwa zotsatira zake ndimaziona ku sikelo ya amayi oyembekezera. Kamtsikana ka zaka 15 kabwera ndi chitenje chomangira pamwamba pa siketi ya yunifolomu, ukafunsa kali Fomu 2, kamakhala selofu. Amene simukudziwa selofu, ndi kachipinda ka lendi kuseri kwa magolosale pa tsika, atsikana atatu anayi mphasa imodzi, chitseko chotseka ndi msomali wopinda, ufa ukatha pakati pa mwezi kwawo nkutali ndipo panja pali anyamata a kabaza ndi mavenda a ndalama mmanja. Mtsikana yemweyo akanakhala mu hositelo ya asisiteri geti lotseka 6 koloko bwenzi akulemba MSCE. Nde kwa ine ntchito yaikulu ya sukulu za mishoni si mapointsi 6 ayi, ndi mpanda ndi mphika wa nsima. Malamulo alipo, ukwati osakwana zaka 18 ndi mlandu chisinthireni malamulo mu 2017, ndondomeko yoti mtsikana akabereka abwerere kusukulu ilipo kuyambira 1993, koma lamulo silimuphikira mwana chakudya. Mpingo ukanati uyike mphamvu pa mahositelo a atsikana pafupi ndi ma CDSS omwe alipo kalewa, olo osamanga sekondale yatsopano, kuno kukanasintha kwambiri

Mayi a Tadala, Bangula:
Anamwino mwandikhudza. Koma pa zobwerera kusukulu pajapo tinene chilungamo, ifenso akhristu timavuta, mtsikana akabereka timayamba ndife kumuloza chala kutchalitchi nde iye angalimbe mtima kuvalanso yunifolomu pa sukulu ya parishi yomweyo?

Anamwino a ku Muona:
Ndi zomwezo mayi. Ambiri amasamukira kwa achibale kukayambira kwina, osowa kopita amangokwatiwa

Wa ku Joni:
Koma abale tisaiwale nthawi ya madzi. Freddy atabwera mu 2023 mayi anga anathawira pa sukulu ya mishoni ndipo anthu oyamba kufika ndi ufa anali a parishi ndi a CADECOM, bungwe la chitukuko la mpingo wa Katolika, sanafunse kuti ndinu a mpingo wanji

Madamu a ku East Bank:
Zoona zimenezo ndipo tiziyamika. Chiyambire madzi a 2015, kenako Idai 2019, Ana ndi Gombe 2022, Freddy 2023, sukulu ndiye yakhala kothawira chifukwa ndi nyumba yokhayo ya simenti yomwe ili pokwera. Koma ndikuuzeni zomwe zimatsala anthu akachoka, poti ine ndinaziona pa pulayimale ina ya mishoni yomwe imatipatsa ana. Mkalasi munagona mabanja ambirimbiri, pabolodi panalembedwa mayina a eni mabanja olandira ufa mmalo mwa samu, madesiki ena anathera pamoto poti nkhuni zonse zinali zonyowa ndipo sungamuletse mayi amene mwana wake akulira njala, zimbudzi zinadzaza, mabuku a mu ofesi ya ahedi anafufuma nkumatana osatseguka. Ana a Sitandade 8 anataya masabata ambiri koma mayeso analemba tsiku limodzi ndi mwana wa ku Zomba amene kalasi yake sinagonemo munthu. Tsono pokonza ndi pomwe panavuta, komiti ikapita ku ofesi yaboma amati sukuluyo ili ndi eni ake kafunseni ku parishi, ikapita ku parishi amati ife ndalama tilibe aphunzitsi ndi ana ndi aboma. Denga la buloko imodzi linakhala chisasukire mpaka mvula ina inabweranso. Nde mukamafunsa kuti bwanji ana akuchigwa sapezeka ambiri ku Marist kapena ku Providence yankho lili pamenepo, amagwera ku pulayimale selekishoni isanafike nkomwe

Bambo a Yamikani, Nchalo:
Apa nde mwanditsegula maso madamu. Ine ndimangoyang'ana kumapeto kwa Fomu 4 osaona kuti mpikisano unathera Sitandade 8

Aphunzitsi Opuma, Ngabu:
Ndipo mpingo ukudziwa zimenezi, si zachilendo kwa iwo. Achinyamata simungakumbuke koma pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi ija inagwedeza boma la a Kamuzu Banda, ine ndinali pa benchi tsiku limenelo tchalitchi chinali zii anthu akuopa ndi kutsokomola komwe. Anthu amangoikumbuka pa ndale koma munalinso nkhani ya sukulu, kuchuluka kwa ana mkalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku, komanso kuti kasankhidwe ka ana opita kusekondale kazikhala kodziwika ndi kachilungamo. Mmodzi mwa osaina anali episkopi wathu wa Chikwawa nthawi imeneyo, Ambuye Felix Mkhori. Ndiye ife akhristu tikamapempha kuti dayosizi iyang'anenso mapulayimale ake sitikupempha chachilendo, tikukumbutsa zomwe ananena okha. Ine pempho langa ndi laling'ono, abambo mfumu akamapita kukachita Misa ku nthambi azipatukirako pa sukulu pakati pa sabata, alowe mkalasi, aone rejisitala, afunse kuti aphunzitsi alipo angati lero. Sizifuna ndalama zimenezo koma mafuta a njinga yamoto.

Wakale wa Seminale:
Madala mwanena bwino koma ansembe ndi ochepa, parishi imodzi nthambi zambirimbiri kuchokera ku Chapananga mpaka kumalire, wansembe mmodzi maliro, maukwati, odwala. Ntchito imeneyi ikanakhala ya akhristu eni ake, pa khonsolo ya parishi pazikhala anthu awiri atatu oona za sukulu basi, makamaka aphunzitsi opuma ngati inuyo

Aphunzitsi Opuma, Ngabu:
Atandiitana ndingapite mawa lomwe, miyendo ikadalipo.

Ankolo a pa Dyeratu:
Ndipo mukomiti yoteroyo muziikamo kholo limodzi losakhala la mpingo wanu, ana athu ali momwemo

Madamu a ku East Bank:
Ine ndili ndi ganizo lina lomwe silikudikira dayosizi kapena unduna. Maparishi ambiri ali ndi holo ndipo ena anaika sola. Holo imeneyo pakati pa sabata imangokhala yotseka. Bwanji osatsegulira ana a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 a sukulu zozungulira kuti aziwerengeramo, wa mpingo uliwonse? Pulepu yomwe achimwene a ku seminale amaitamandira ija ndi tebulo, nyale ndi munthu wamkulu woyang'anira basi. Ana anga ambiri amawerengera tochi ya foni ya bambo awo, bambo akafuna foni kuwerenga kwathera pomwepo

Anamwino a ku Muona:
Ganizo labwino koma usiku ayi kwa atsikana, tingakonze china nkuononga china. Pokhapokha amayi a mphakati azisinthana kuwaperekeza

Mayi a Tadala, Bangula:
Usiku nzovuta, nthawi yokolola amayi amakhala atatopa komanso ena amagona kudimba. Bola masana akaweruka kuyambira 3 koloko dzuwa likayamba kuzizira mpaka 5 koloko, ndi Loweruka mmawa kwaya isanayambe pulakatisi. Ine ndikayamba kuitula ku mphakati Lachinayi, akaivomera tcheyamani akaipititse ku khonsolo ya parishi, poti ukangopita wekha kwa abambo mfumu amakubweza kuti yadutsa kuti nkhaniyi

Wa ku Joni:
Mukagwirizana mundiuze, ife kuno tilipo angapo akumudzi tikhoza kusonkha ya mabuku. Koma ndalama isadutse mmanja mwa munthu mmodzi chonde, tigule mabukuwo tikapereke ndi risiti

Bambo a Yamikani, Nchalo:
Kuno ku Nchalo ndikayankhula ndi akatekisiti athu. Madamu mabuku ofunika kwambiri ndi ati kuti a ku Joni asagule osafunika?

Madamu a ku East Bank:
A Sitandade 8 ayambe ndi Chingerezi ndi Masamu, komanso mapepala a mayeso a MANEB a zaka zammbuyo tichite fotokope ambiri poti ana ambiri amakaona kalembedwe ka mafunso koyamba tsiku la mayeso lomwelo. A Fomu 4 Bayoloje, Masamu ndi mabuku a litilecha omwe ali pa silabasi pano, musagule akale anasintha. Dikishonale olo ziwiri. Mndandanda wonse ndilemba ndikafunsa anzanga ku stafu mawa ndiponya pompano, ndipo Loweruka ine Masamu ndikhoza kumathandiza ngati mtsinje ukuoloka